Ambulera ya M'chitseko cha Galimoto ya Mfumu

Inu a ku Bweranimawa, inu a kutsidya kwa mtsinje, amayi a mchere, madalaivala anzawo amene mwatsala, senderani kuno mumve. Maliro tinaika, tsitsi tinameta, koma nkhani ya alamu anga a Zefaniya Mkwapatira sinanenedwe. Kumanda kuja analankhula ndi a boma, munamva nokha: "Anali wantchito wokhulupirika, sanasowetsepo ngakhale kamsomali ka mfumu." Mlongo wanga Nangondo, mkazi wawo, anaphimba kumaso ndi chitenje, mapewa akugwedezeka, anthu n'kumati mayi walira uyu. Ine ndinali pafupi. Ankaseka. Ndiye lero ndinene chimene chinkamuseketsa, poti eni ake apita kumene apolisi safikako.

A Zefaniya anali dalaivala wa kunyumba ya mfumu muno mu Ufumu wa Zawokha. Anayamba ali ndi ndevu zitatu, nthawi ya Mfumu Ndinekha Wachiwiri, n'kudzakalambira m'manja mwa mwana wake, Ndinekha Wachitatu, amene tili nayeyu, Mulungu amusunge poti ife zatikanika.

Galimoto imene ankayendetsa, dzina lake la boma ndi Galimoto ya Makolo. Kumsika timangoti Bokosi, chifukwa ndi yakuda, yaitali, ndipo amene wagona kumbuyo samva kulira kwa anthu a panja. Inabwera pa sitima ya pamadzi agogo a mfumuyi ali moyo. Mipando yake chikopa chofewa ngati tsaya la khanda, m'kati matabwa onyezimira, pakati galasi lotseka kuti mpweya wa dalaivala usakumane ndi wa mfumu. Koma chodabwitsa chinali m'chitseko cha kumbuyo. Munali kabowo. Ukadina batani, mumatuluka ambulera. Ambulera ya silika wakuda, chogwirira chake cha siliva, pa chogwirirapo atadinda nambala yofanana ndi ya pa injini. Anaiikamo ndi eni ake a fakitale.

Mafumu athu ambulerayo sankaikhudza. Mvula ikamagwa mfumu situluka, ndipo mfumu ikatuluka a zanyengo amalengeza kuti sikukugwa mvula.

Tsiku lina, a Zefaniya ali ndi chaka chimodzi chokha pa ntchito, ankachokera kokamwetsa Bokosi petulo, ali okhaokha. Mvula inatsika ngati yachita kutumidwa. Pamphambano ya kumsika wa Bweranimawa anaona mtsikana ataima pansi pa mtengo wopanda masamba, atakumbatira lichero la mchere. Mpango wake anali atafunditsa mcherewo, mwini wake madzi ali chuu m'khosi. Anaimitsa galimoto ya mfumu, iwo amenewo, kutsika, kudina batani.

"Chemwali, mchere wanu ukubwerera kwawo."

"Nanga ndiutani? Ndiumeze?"

"Gwirani ichi."

Mtsikana anayang'ana siliva uja, anayang'ana mnyamata. "Ndidzabweze liti?"

"Tsiku limene ndidzasiye kukufunani."

Mtsikanayo ndiye Nangondo. Mawa lake a Zefaniya analowa m'sitolo ya pamsika, anagula ambulera yakuda ya chogwirira cha mtengo chopaka utoto wonyezimira, n'kukailowetsa m'kabowo muja. Chitseko gwa. Zaka makumi anayi zinadutsa popanda wodina batani.

Ndiye kunabwera kalata. Inachokera kutsidya kwa nyanja zazikulu, kwa bungwe la anthu olemera amene amaweta magalimoto akale monga ife tiwetera nkhunda. Anaiwerenga m'Bwalo la Nduna ndi Nduna Yaikulu, a Vomerani. A Zefaniya anali chilili pakhomo, chipewa kukhwapa, poti dalaivala amadikira.

Kalatayo inati magalimoto a mtundu wa Bokosi a fakitale anapanga mazana atatu. Okhala ndi galasi lotseka pakati, makumi awiri. Koma okhala ndi ambulera m'chitseko anali asanu okha, chifukwa mmisiri wake anamwalira atangomaliza yachisanu. Imodzi inapsa pankhondo, ina inamira ndi sitima, awiri enawo maambulera ake anatayika kalekale. "Yatsala yanu. Ngati ambulera ilimo, ndipo nambala yake ikugwirizana ndi ya pa injini, mtengo wa galimotoyo ungagule ufumu wanu wonse, mbuzi ndi nduna zomwe. Ngati mulibe, ndi galimoto yakale basi. Musamaiyendetse, mtunda umaitsitsa mtengo. Mwezi wamawa titumiza katswiri adzaione."

Chipewa cha a Zefaniya chinagwa pansi. Palibe anamva, chifukwa nduna zinali zikuwomba m'manja, ndipo zinawomba mpaka Nduna ya Zowomba M'manja inakweza chala kuti zakwana.

"Vomerani," inatero mfumu, "galimoto yanga yakwera mtengo chonchi chifukwa chiyani? Imathamanga kuposa zinzake?"

"Ayi, Mwini Dziko. Njinga imaipitirira."

"Nanga?"

"N'chifukwa choti ndi yosowa, Mwini Dziko."

Mfumu inayamba kusisita mimba, ndipo mfumu yathu ikasisita mimba dziwani kuti kukubwera lamulo. "Ndiye kuti chinthu chikasowa chimakhala chamtengo wapatali. Nanga anthu anga amandisokosera chiyani kuti shuga akusowa, mankhwala akusowa, petulo akusowa? Kumeneko si kulemera?"

Nduna ya Zaumoyo inaimirira n'kunena kuti ngati zili choncho, chipatala chathu ndi cholemera kuposa zipatala zonse za pansi pano. Nduna ya Zamalonda inakwiya, inati ayi, unduna wake ndi umene wasowetsa zambiri. Anatsala pang'ono kugwirana m'makolala.

Tsiku lomwelo wailesi inalengeza kuti kuyambira pamenepo chinthu chikasowa, anthu azinena kuti chakwera ulemu, ndipo azithokoza boma. Inalengezanso kuti Bokosi isapondenso msewu, izinyamulidwa pa mitengo ngati machila ndi akaidi makumi atatu, dalaivala ali pa chiwongolero monga mwa masiku onse. Ndipo kuti ambulera ya mfumu isowe bwinobwino, maambulera onse m'dziko muno alandidwe. Apa n'kuti uli mwezi wa Disembala.

Koma mawu amene analowa m'mafupa a a Zefaniya ndi amene a Vomerani anatsekera nawo Bwalo. Anati munthu amene adzapezeke kuti anachotsa kapena kusintha kanthu pa Galimoto ya Makolo, kaya ndi kabawuti, adzakafera kundende ya Kosalonjera. Atatero nduna zonse zinacheuka n'kuwamwetulira a Zefaniya, poti aliyense ankadziwa kukhulupirika kwawo.

Kumsika apolisi anabwera ndi ngolo. Analanda ambulera ya wogulitsa tomato, ya wosoka nsapato, ya abusa amene ankangodutsa. Mvula nayo sinachedwe.

"Nangondo, wamva?" anafuula mayi wa makala. "Ati ndife olemera!"

"Ine ndinadziwa kale. Kwathu ndiwo zinakwera ulemu chaka chatha."

Bambo wina anafika akutsokomola, akuti akuchokera kuchipatala. "Chuma chokhachokha kumeneko, anzanga. Mashelefu ali mbee. Adokotala nawo akwera mtengo, sakuoneka."

"Nanga wathokoza?"

"Ndathokoza kawiri, mlonda ndi mboni."

Ambulera ya Nangondo apolisi sanaipeze. Anawamva akadali ku mzere wa nsomba, anaipinda, n'kuizika m'thumba la mchere mpaka chogwirira.

Masiku amenewo Bokosi inkadutsa pamsewu waukulu ili m'mwamba, matayala ali lendelende, akaidi akubuula pansi pake. A Zefaniya ali pa chiwongolero ndi yunifolomu yoyera, akuliza hutala pamphambano, akutulutsa dzanja pokhota.

"A dalaivala, sinthani giya, chitunda ichi!" ankatero akaidi.

"Petulo ali bwanji kumeneko?"

"Anatha dzulo, bwana, sitinadye!"

A Zefaniya ankaseka nawo. Koma ankawayang'ana akaidiwo pagalasi n'kumaganiza kuti iwo akadzamangidwa adzawaika mbali iti, kutsogolo kapena kumbuyo.

Kutatsala masiku atatu kuti katswiri afike, anaweruka dzuwa likadalipo. Anapeza Nangondo pakhonde akuyanika mchere wonyowa pa mphasa.

"Nangondo, ija ili kuti?"

"Iti, bambo a Lute?"

"Musandizunguze mutu. Ija."

Nangondo analowa m'nyumba, anabwera nayo, n'kuitambasula. Mukanaiona! Silika anatsala mbali ziwiri zokha. Kwinako chigamba cha thumba la feteleza, chigamba cha yunifolomu ya sukulu ya mwana wawo Lute, chigamba cha buluku la a Zefaniya omwewo. Nthiti imodzi inali sipoko ya njinga. Koma chogwirira chinali waliwali ndi dzanja la zaka makumi anayi, nambala ikuoneka ngati aidinda dzulo. A Zefaniya anawerengera mumtima kuti zigamba atha kuzisomola, silika n'kunamizira njenjete. Katswiri akufuna nambala.

"Ndingobwereka sabata imodzi."

"Ikalowa m'chitseko muja idzatulukanso?"

A Zefaniya anayang'ana nkhuku.

"Munati ndidzabweze tsiku limene mudzasiye kundifuna. Ndi lero? Nenani, ndikupatsani ndi manja awiri, nditagwada."

"Amayi inu, mukudziwa kuti akandiponya ku Kosalonjera?"

"Ndizidzakubweretserani chakudya Lachiwiri ndi Lachisanu. Mvula ikamagwa ndizidzafunda yomweyi."

Anatero pakamwa, koma anaipinda bwinobwino, anagwada, n'kuiika pamiyendo pawo. Kenaka anabwerera ku mchere wake, atawapatsa msana, akusalaza malo amene anali atasalaza kale. A Zefaniya anakhala nayo nthawi yaitali. Inkanunkha mchere ndi utsi ndi mafuta odzola a mkazi wawo. Anaimirira, anakaiika pa mphasa pambali pake.

"Musamaibise mu mchere. Ungadye siliva."

M'mawa mwake analawirira kugalaja, anadzitsekera, n'kudina batani lija koyamba chiikireni ambulera ya m'sitolo. Inatuluka ndi fumbi, ndi manyi a makoswe. Utoto wonyezimira unali utasupuka, mtengo uli poyera, ndipo kunsonga ya chogwirira khoswe anali atasiya ntchito yake, timano tosongoka, mizere iwiri. A Zefaniya anakhala pansi pa simenti. Ngakhale mwana wa sitandade wani akanadziwa kuti iyi si ya fakitale.

Anakhala akutembenuza chogwiriracho, chala chikuyenda pa timano tija, ndipo apo ndi pamene nzeru inawagwera.

Inu achinyamata mwina simudziwa chifukwa chake tili ndi Nduna ya Misozi. Mwambo wa kunyumba yachifumu umati mfumu ikalira, dziko lonse lilire, ndipo chinthu chimene misozi yake yagwerapo sichingakhalenso chabodza. Mfumu yathuyi inalirapo potsegulira mlatho wa pa mtsinje wa Mwatipeza, kuti ndi wolimba ngati mtima wake. Mlathowo unapita ndi madzi chaka chomwecho, koma m'mabuku a boma ulipo mpaka lero, ndipo amene amamira pamenepo amalembedwa kuti anaterereka pamlatho.

Chinanso, galasi lotseka pakati lija limatseka mpweya koma silitseka mawu. A Zefaniya ankaidziwa mfumu kuposa nduna zonse. Ankadziwa kuti bambo ake sanainyamulepo ngakhale tsiku limodzi, inakulira m'manja mwa olera olembedwa ntchito, ndipo ikalawa pang'ono za m'botolo inkagogoda galasi n'kufunsa, "Zefaniya, kodi bambo anga ankanditchula?"

Tsiku lija linafika. Anthu anawasonkhanitsa pabwalo lamasewero, wapansi, poti malole anali atakwera ulemu. Kunkagwa mvula yowaza, a zanyengo n'kulengeza kuti kunja kuli ng'amba. Akaidi anatsitsa Bokosi pa makapeti pakati pa bwalo. Wailesi inali pompo, chinkuzamawu atachiimika pafupi ndi chitseko cha kumbuyo kuti dziko lonse limve kulira kwa batani.

Katswiri uja tinkangomuti a Magalasi, chifukwa anali ndi magalasi awiri, ena pamphuno ena pachingwe, kuwonjezera kagalasi kakang'ono kam'manja ndi kabuku ka manambala. Anabadwira konkuno, koma anapita kunja ali wamng'ono n'kukakalambira kufakitale komweko. Chinenero chathu sanaiwale. Chimene anaiwala ndi kuyang'ana kaye nkhope ya mfumu usanayankhe funso.

Anayamba ndi injini. Anasuzumira, anawerenga nambala, anagwedeza mutu kuti eya. Ananunkhiza mipando, anagogoda matabwa, analowa chagada pansi pa galimoto ndi suti yake. Zonse eya. Nduna zikuwomba m'manja pa eya aliyense.

A Zefaniya anatsegula chitseko, anagwada. Mfumu inadina batani ndi chala cha mphete zitatu, ambulera n'kutuluka. A Magalasi anatambasula manja ovala magolovesi oyera. Koma mfumu isanapereke, kunamveka kulira. Kulira kwa munthu wamkulu, kochokera pansi pa mimba, ndipo kunalowa m'chinkuzamawu n'kukatulukira m'mawailesi a dziko lonse.

"Zefaniya, iwe! Ukulira chiyani? Ine sindinayambe."

"Pepani, Mwini Dziko. Ndaona mano."

"Mano a ndani?"

"Anu, Mwini Dziko. Taonani apa." Analoza ndi chala pa chogwirira. "Inu simungakumbuke, munali kamwana. Tinali paulendo wa kumapiri, inu mukumera mano, thupi moto, mukulira osatonthozeka. Olera anakanika onse. Ndiye bambo anu, Mfumu Ndinekha Wachiwiri, anati, bweretsani kuno. Anakunyamulani okha, pamiyendo pawo, pampando uwu. Anadina batani, anakupatsani chogwirira ichi. Munaluma, munaluma, mpaka munagona pachifuwa pawo. Anagogoda galasi, anati, Zefaniya, yendetsa pang'onopang'ono, mwana wanga wagona."

Mfumu inawayandikira.

"Anati mwana wanga?"

"Kawiri, Mwini Dziko."

Mfumu inayang'ana timano tija. Inakumbatira ambulera ija ngati munthu, ndipo misozi inatsika, n'kugwera pa timano pomwepo, tho, tho. Nduna ya Misozi inathamanga ndi buku lake kudzalemba nthawi. Lipenga linalira, dziko lonse linayamba maliro. Nduna zinkagubuduka pa makapeti, Nduna ya Zamalonda ikuyang'ana m'mbali kuti ya Zaumoyo isaipose. Anthu wamba nawo analira ndithu, ena njala, ena mchere wosungunuka, poti mpata wolira mololedwa supezeka kawirikawiri.

Kulira kutachepa, a Magalasi analandira ambulera. Sanafune n'kagalasi komwe.

"Pepani, Mfumu, iyi si ya fakitale."

A Vomerani anawaponda phazi. Iwo anangosuntha phazilo.

"Nambala palibe. Chogwirira ndi mtengo wamba, si siliva. Nsalu si silika. Zoterezi m'masitolo amagulitsa zili mumtolo. Munthu wina anachotsa yeniyeni n'kuikamo iyi."

A Zefaniya anali akadali chigwadire. Ankatiuza pambuyo pake kuti pamenepo anamva kafungo ka ndowa ya kundende, chonsecho anali asanalowemo chibadwire.

Mfumu inapukuta mphuno. "Nanga mano anga?"

Apa a Magalasi anatulutsa kagalasi kaja, poti anali munthu wosamala pa ntchito. Anayang'anitsitsa, anatembenuza, anayandikira chinkuzamawu kuti amveke bwino.

"Mano awa, Mfumu, ndi a khoswe."

Wailesi inadula n'kuika nyimbo ya kwaya.

Bwalo la Nduna linakumana pompo, pansi pa tenti, anthu tikuona. Nkhani inali yosavuta. Kaya mfumu yalirira khoswe pamaso pa dziko lonse, ndipo nduna zagubuduka pa makapeti chifukwa cha khoswe, kapena katswiri sadziwa ntchito. Anakambirana nthawi yokwana kumwa kapu ya madzi. A Vomerani anabwera pa chinkuzamawu, matope a kugubuduka akadali pa jekete.

Bwalo lapeza, anatero, kuti ambulera ndi yeniyeni, monga misozi yatsimikizira. Nambala palibe chifukwa a fakitale anaiwala kudinda, ndipo boma liwalembera kalata kuti apepese. Siliva anasanduka mtengo chifukwa cha nyengo yathu yotentha. Mlendoyu wanyoza mano achifumu, achoke m'dziko muno pa basi yoyamba. Nduna ina inafuna kuwonjezera kuti makoswe onse amangidwe chifukwa choonera mano a mfumu, koma anati zimenezo azipereke ku komiti.

Mfumu inawadzutsa a Zefaniya ndi dzanja lake, chinthu chimene sichinaonekepo. "Zefaniya, wandibwezera bambo anga. Pempha chimene ufuna."

Wina akanapempha munda, wina unduna. A Zefaniya anaona amayi a kumsika ataima uko kumpanda, madzi akutsika m'mipango.

"Mwini Dziko, ine sindinapite patali ndi sukulu. Koma ndikuona kuti anthu akapanda kumaona maambulera achabechabe, sadzadziwa kuti yanu ndi yoposa. Aloleni aziyenda ndi zawo zopanda manozo, kuti azichita manyazi."

Mfumu inasisita mimba. Pofika madzulo wailesi inali italengeza kuti nzika iliyonse iziyenda ndi ambulera, kugwe mvula kusagwe, ndipo wopezeka alibe ndiye kuti akukana kuchita manyazi. Maambulera olandidwa aja anatulukira m'masitolo a akazi a nduna, ndipo eni ake anakawagulanso, akuthokoza boma.

Tsono basi yoyamba ija inali yamtengo wapatali kwambiri masiku amenewo. A Magalasi anaidikira padepoti ya ku Bweranimawa masiku asanu, ndipo amene anapatsidwa ntchito yowalondera kuti asalankhule ndi anthu anali wantchito wokhulupirika uja. Tsiku lachitatu mvula inabwera yamkuntho. Denga la depoti linali litakwera ulemu kale. A Magalasi anaima ndi sutikesi pamutu, suti itamata thupi, magalasi onse awiri ali madzi okhaokha, ndipo a Zefaniya anawamvera chisoni, poti munthuyo sananame chilichonse.

"Tiyeni, akulu, tikabisale kwa amayi akunyumba."

Anawapeza Nangondo pamzere wa mchere, atakhala pansi pa zigamba zake poyera, monga lamulo linkafunira. Anasendera, alendo analowa. A Magalasi anapukuta magalasi a pamphuno, anathokoza, anakweza maso kuti aone chimene chawasunga. Anaona thumba la feteleza, anaona sipoko ya njinga, maso n'kutsika ndi mtengo wa ambulera mpaka pa dzanja la Nangondo.

Anawerama. Anatulutsa kagalasi. Anatulutsa kabuku, masamba atamatana, anatsegula ndi chikhadabo. Anawerenga pa siliva, anawerenga m'buku, anawerenganso pa siliva, milomo ikuyenda. Kenaka anagwada m'matope ndi suti yawo.

"Mayi, mukudziwa chimene mwagwirachi?"

"Ambulera."

"Ndi yokhayi padziko lonse lapansi! Ine ndakalamba ndikuiona pa chithunzi chokha. Kuli anthu kunjaku angakupatseni nyumba zosanja, minda, chilichonse mungatchule!"

"Bambo, kodi wailesi simumvera? Yeniyeni ili kwa mfumu, ili ndi mano. Iyi ndi ya mchere."

A Magalasi anacheukira a Zefaniya. A Zefaniya anali otanganidwa kwambiri ndi kuyang'ana mitambo.

"Bwana dalaivala, inu mukudziwa."

"Ine, akulu, ndimangoyendetsa galimoto. Nayonso siyenda."

Munthu uja anayang'ana uku, anayang'ana uku, anaona wapolisi ataima pa mzere wa nsomba, ndipo ndikhulupirira kuti pamenepo ndi pamene anakumbukira kwawo kumene anabadwira, chifukwa anatseka kabuku kake mwakachetechete n'kukabweza m'thumba.

"Mayi," anatero ndi mawu aang'ono, "mungandilole ndingoigwirako?"

"Gwirani, bambo. Dzanja langa latopanso."

Anavala magolovesi ake onyowa, analandira ndi manja awiri. Ndipo anaigwira masana onse aja, ndi mawa lake, ndi mkuja, mpaka basi inabwera. Katswiri wa dziko lonse lapansi ali njo pamzere wa mchere ngati mzati, nkhope ikuwala, Nangondo akupimira anthu ndi manja onse awiri koyamba pa moyo wake.

"Kwezani pang'ono, a katswiri. Kumanzere. Mukudonthezera makasitomala."

"Chonchi, mayi?"

"Eya, mwayamba kuidziwa ntchito."

A Zefaniya anakhala zaka zina zinayi. Sanalowe ku Kosalonjera ngakhale kokaona munthu. Chinawatenga ndi chifuwa, mwezi wathawu, atagona pa mphasa yawo, mutu uli pamiyendo pa mkazi wawo. Ine ndatsala wopanda wokangana naye pa bawo, ndipo Bokosi ikamadutsa m'mwamba muja ndi dalaivala wina, ndimalowa m'nyumba.

Ndiye ndikupempheni, abale anga. Alamu angawa musawaiwale. Mukakhala awiri atatu pa mzere wa petulo, poti nthawi imakhalapo, muzinena nkhaniyi, adzukulu aimve, nawo adzauze awo. Ndipo likafika Tsiku la Mano a Mfumu, limene boma linakhazikitsa kuti chaka ndi chaka tizikafola n'kupsompsona chogwirira chija, musajombe. Pitani, gwadani, lirani mokweza monga mwa lamulo. Koma m'kati mwa kulirako muzitchula dzina la a Zefaniya Mkwapatira.